Mtsinje Wobwerera ku Dedza

Ndinaika Linthipe mu kompyuta.
Osati yense, kachigawo chabe,
kuchokera pa mlatho kukafika pa gombe lija
pamene dimba la mayi anga, a Nachisale,
limathera m'madzi chaka ndi chaka.

Ndinaudula mtsinjewo timabokosi
zikwi mazana anayi,
ndipo kalikonse ndinakapatsa lamulo limodzi:
zimene walandira kwa mnzako wakumtunda
upatsire mnzako wakumunsi,
usabe dontho, usawonjezere dontho.
Fizikisi yonse ya digiri yangayi
ndi chilungamo cha pakati pa anansi basi.

Ku yunivesite kuli makina aakulu
ogona m'chipinda chozizira ngati mochale.
Ine ndili ndi laputopu ya batire lotupa,
chipinda cha lendi kuseri kwa depoti ya Kamuzu Road,
ndi Okutobala wa ku Salima
amene amaliritsa fani ngati njuchi m'botolo.
Masiku atatu kuti madzi a mphindi khumi adutse.
Magetsi akazima tsiku lachiwiri
mtsinje waphwa, tiyambirenso.

Sauda wa zitumbuwa anasuzumira pa zenera:
"Ng'ona zilimo m'menemo?"
Ndinati ayi.
"Nanga amayi ochapa?"
Ayi.
"Ndiye ameneyo si Linthipe, achemwali."

Lachinayi usiku zotsatira zinatuluka.
Madzi akukwera chitunda!
Mtsinje ukubwerera kwawo ku Dedza
utasenza mchenga wake pamutu
ngati mkazi amene ukwati wamukana.
Gombe likudzimanga lokha,
chibuma ndi chibuma kuvuuka m'madzi
n'kukhala pamalo pake phee.
Dimba la a Nachisale likukula:
mizere isanu, mizere khumi,
mpaka paja panali nthochi ndili mwana.

Ndinadziwa kuti ndi bodza.
Ndinalipeza msanga, pa mzere wa 612:
kachizindikiro kochotsera
pamene pamayenera kukhala kophatikiza,
kanthu kafupi kuposa mwendo wa udzudzu.

Koma sindinakonze.
Ndinakhala pa mphasa, thukuta kamukamu,
ndikuwerenga zimene mtsinje wotere ungabweze:
khasu la bambo,
mbuzi ziwiri ndi chingwe chake,
njinga ya Gelesomu,
ndi Gelesomu mwini wake atanyowa,
akutukwana kuti tcheni chachita dzimbiri,
akufunsa chifukwa chake tinagawana malaya ake.

M'masamu anga mulibe chilembo cha mlongo wanga.
Muli liwiro, kuya, kulemera kwa mchenga,
ndi kukhakhala kwa pansi.
Ndinafufuzabe.

Tambala woyamba atalira
uthenga wa Dokotala Kamkwalala unalowa:
komiti ikukumana Lolemba, zotsatira zili pati?
Ndinasindikiza batani limodzi.
Kochotsera kanasanduka kophatikiza,
madzi n'kutembenuka mwaulemu
kuyambanso kudya kwathu.

Masiku ena atatu, magetsi anandichitira chifundo.

Lamulungu ndinakwera kabaza
ndi tepi yoyezera ndi pepala lopindidwa kanayi.
Ndinawapeza akuthirira ndi chitini cha penti,
mapazi awo mikono itatu kuchokera pa phompho.
Sanayang'ane pepalalo.
"Makina akowo akuti zaka zingati?"
Ndinati zinayi, mayi,
kuphatikiza kapena kuchotsa chimodzi.

Anatsira madzi pa phando lina.
"Chimodzi chokayikitsacho n'cha yani?"
Ndinati sichikudziwika,
ndi pamene masamu amathera mpweya.

"Ndiye n'changa," anatero,
"ndidzalamo tomato.
Gwira chitinichi, usangoima ndi tepi."